Bwanji ku China munthu wakhalidwe lonyansa amamutcha "wakumunsi kwa mtsinje"?

Funso ili lachokera kwa mchemwali wathu wina amene ali chaka choyamba pa yunivesite ku Wuhan, ndalidulako pang'ono koma nkhani yake ndi iyi:

"Tsiku lina m'basi mayi wina anakalipira bambo amene amamukhudzakhudza, anakuwa kuti xialiu! Nditafika ku hositelo ndinayang'ana mu dikishonale ya pafoni, ikuti xia ndi pansi, liu ndi kuyenda kwa madzi, ndiye kuti kumunsi kwa mtsinje. Aphunzitsi athu akuti Matchaina zabwino amaziika m'mwamba, zoipa pansi, ndipo akuti asayansi anayeza n'kupeza kuti ubongo wawo ndi mmene umagwirira ntchito. Ndi zoona zimenezi? Ndiye kuti chilankhulo chawo chimawaganizitsa mosiyana ndi ife?"

Achemwali zikomo, ndipo poyamba ndinene kuti mayi ujayo sanaphonye mawu ayi. Xialiu ndi mawu amene amamuponyera munthu wamanja oyabwa ngati bambo ameneyo, munthu wolaula, wanthabwala zotukwana, wopanda manyazi pa nkhani za akazi. Dikishonale yanu nayo sinaname, tanthauzo lake lakale ndi kumunsi kwa mtsinje ndithu. Aphunzitsi anunso akunena zoona kungoti akupatsani theka la nkhani, theka linalo ndi limene ine limandikoma kwambiri nde mupirire nane tifikako.

Tiyambe ndi mawuwo. Zilembo ziwiri zija munaphunzira sabata yoyamba, 上 shang ndi 下 xia, pa malembedwe akalekale a pa mafupa ndi zigoba za akamba zinali kamzere kakafupi pamwamba pa mzere wautali, kapena kunsi kwake. Basi, za khalidwe panalibe. Koma taonani kumene zakafika. Munthu wamtima wabwino, wodzipereka chifukwa cha anzake, amati ndi gaoshang, gao ameneyo ndi kutalika kopita m'mwamba. Chonggao ndi ulemu wokwera zedi, ndipo mukachiyang'anitsitsa chilembo cha chong chasenza kachizindikiro ka phiri pamutu. Nkhalamba imene mudzi wonse umaimvera amati de gao wang zhong, khalidwe lake ndi lalitali, mbiri yake ndi yolemera. Tsidya linali kuli beibi, musaseke si bebi wachibwenzi ayi, ndi munthu wachinyengo woipa mtima, bei ndi chinthu chotsika. Disu ndi zinthu zotukwana zachabechabe, di ndi kutsikanso. Duoluo ndi kugwa, munthu amene anali bwinobwino kenako walowerera, ndipo mukamawerenga nkhani za akuluakulu aboma amene agwidwa ndi katangale mawu amenewa mudzawapeza kawirikawiri, fuhua duoluo, wavunda wagwa. Mukapita pa sukulu ya pulayimale kwezani maso pamwamba pa bolodi kapena pakhoma, nthawi zambiri pamakhala zilembo zisanu ndi zitatu zofiira, haohao xuexi tiantian xiangshang, mawu a Mao Zedong, mtsogoleri wa China panthawiyo, akumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, phunzira bwinobwino, tsiku ndi tsiku uziloza m'mwamba. Mwana wazaka 6 amakhala pansi pa mawu amenewo chaka chonse.

Xialiu wanuyo ali ndi mbiri yake yaitali. Mu Lunyu, buku la mawu a Confucius, mphunzitsi wanzeru wakale wa ku China, ndi ophunzira ake, wophunzira wina dzina lake Zigong akukamba za mfumu Zhou, mfumu yomaliza ya ufumu wa Shang imene inagonjetsedwa cha m'ma 1046 BC, imene Matchaina amaitenga ngati chitsanzo cha mfumu yankhanza. Zigong akuti kuipa kwa Zhou sikunafike pamene anthu amanenera, n'chifukwa chake munthu waulemu wake amadana n'kukhala ku xialiu, poti zoipa zonse za pansi pa thambo zimakathera komweko. Aliyense amene anatungapo madzi pamtsinje apa safuna womumasulira. Sutunga kumunsi kwa pochapira. Thovu la sopo, zotsukira mapoto, matewera a ana a eni ake, zonse zimapeza wakumunsi, olo iye sanachape kanthu. Nde Zigong amatanthauza kuti ukangotchuka ndi dzina loipa, milandu ya ena yonse amakusenzetsa iwe. Patapita zaka mazanamazana mawu aja anachoka pa malo n'kukakhala pa munthu, mpaka kudzafika m'basi ya ku Wuhan. M'buku lomwelo muli chiganizo china chachifupi, junzi shang da, xiaoren xia da, munthu waulemu amalowera kumtunda, munthu wamng'ono amalowera kumunsi. Ndipo buku lina lakale lotchedwa Guoyu linasunga mwambi wakuti kutsata chabwino kuli ngati kukwera phiri, kutsata choipa kuli ngati kugumuka kwa phirilo.

Koma chimene chinandidabwitsa ine nditachiona koyamba ndi tebulo la m'buku la mbiri ya ufumu wa Han, Hanshu, limene analemba Ban Gu, iyeyo anamwalira mu 92 AD ndipo matebulowo anadzawamaliza ndi mchemwali wake Ban Zhao. Anatenga anthu a m'mbiri pafupifupi 2,000 n'kuwandandalika m'mizere isanu ndi inayi kuchokera pamwamba pa tsamba kufika pansi. Mzere woyamba ndi shang shang, pamwamba pa pamwamba, m'menemo muli mafumu anzeru akale Yao ndi Shun komanso Confucius. Mzere womaliza ndi xia xia, pansi pa pansi, zitsiru, ndipo mfumu Zhou uja mudzamupeza m'menemo. Apa sikulinso kuphiphiritsa ayi, khalidwe la munthu ukuliyeza ndi chala patsamba. Laozi, wanzeru wina wakale wa ku China, anamuika mzere wachinayi, ndiye itafika nthawi ya ufumu wa Tang, amene banja lawo lachifumu limadzitcha zidzukulu za Laozi, mfumu Xuanzong inalamula mu 742 kuti amukweze apite mzere woyamba. Kukwezedwa pantchito uli m'manda zaka zoposa 1,000.

Apa pali kanthu kamene aphunzitsi ambiri amakadumpha. Mmwamba mwa Chitchaina mwasenza katundu muwiri, khalidwe ndi udindo, ndipo katunduyu amasakanikirana. Mfumu amaitcha huangshang, bwana kuntchito ndi shangji kapena shangsi, wantchito wake ndi xiashu. Mu 220 ufumu wa Wei unayamba kusankha anthu ogwira ntchito zaboma powaika m'magulu asanu ndi anayi omwe aja, pepala limati akuyang'ana khalidwe ndi luso, koma patapita zaka zoposa 60, mu ufumu wa Jin, nduna ina yotchedwa Liu Yi inadandaula kuti m'magulu apamwamba mulibe mwana wa mmphawi, m'magulu apansi mulibe mwana wa banja lamphamvu. Ndipo tayang'anani mawu anu omwe aja. Mukanayembekezera kuti poti xialiu ndi munthu wonyansa ndiye shangliu, kumtunda kwa mtsinje, akhala munthu woyera mtima. Ayi. Shangliu shehui ndi anthu andalama, a magalimoto odula, kaya ndi akuba kaya ndi otani. Kutsika kwatengera khalidwe, kukwera kwatengera thumba.

Tsopano za asayansi zija. Maganizowa sanayambire ku China. Mu 1980 George Lakoff ndi Mark Johnson a ku America analemba kuti zinthu zosagwirika ngati ubwino, nthawi, chikondi, timaziganiza pobwereka zinthu zimene thupi limadziwa kale. Wamoyo wathanzi amaima, wodwala amagona, wakufa ndiye pansi penipeni. Mwana amakweza maso kuti aone amene amamudyetsa. Pogwetsana wopambana amakhala pamwamba. Nde ubongo umazolowera kuti chabwino chili uko, choipa chili uku. Mu 2004 Brian Meier ndi Michael Robinson anaganiza zoyeza. Mmene amachitira, ndipo ndinakhalapo pa mpando woterowo ndili wophunzira, amakulowetsa m'kachipinda kopanda phokoso, kompyuta patsogolo, chala chimodzi pa batani ili china pa batani ilo. Pakati pa sikirini pamabwera kamtanda koti uyang'anepo, kenako mawu amatulukira pamwamba kapena pansi pa sikirini, iwe ntchito yako n'kudina mwachangu kunena kuti mawuwa ndi abwino kapena oipa, ndipo zimabwerezabwereza mpaka maso kuwawa, iwe sukudziwa n'komwe kuti akuyeza chiyani, umangoona ngati gemu yotopetsa. Kompyuta ndi imene imawerenga nthawi. Anapeza kuti mawu abwino anthu amawazindikira msanga akakhala pamwamba, oipa akakhala pansi. Mu 2007 Meier ndi anzake anayesa ndi mawu a khalidwe enieni, ndipo anaonanso kuti anthu amene mayeso amawaonetsa kuti ndi ouma mtima, osamva chisoni ndi anzawo, mwa iwo kulumikizana kumeneku kunali kofooka.

Ku China amene anaigwira kwambiri nkhaniyi ndi Lu Zhongyi wa pa Hebei Normal University ku Shijiazhuang. Mu 2013 iye ndi Wang Zeng anasindikiza kafukufuku mu magazini ya akatswiri a zamaganizo yotchedwa Acta Psychologica Sinica, ndipo imodzi mwa njira zawo inali yophweka, kachithunzi ka munthu pakati, bokosi pamwamba pake bokosi pansi pake, n'kumupatsa wophunzira mawu a Chitchaina kuti awaike m'bokosi limene akufuna. Mawu a khalidwe labwino ambiri anapita m'bokosi lapamwamba, oipa lapansi. Ndiye aphunzitsi anu akamati anayeza, anayezadi.

Koma apa ndi pamene ndimasiyana nawo ambiri amene amaikokomeza nkhaniyi. Mwaona kuti oyamba kuyezedwa anali ophunzira olankhula Chingerezi ku America? Zotsatira zake zinaloza komweko. Nde sizoti ubongo wa Mtchaina unapangidwa mwina ayi. Chachiwiri kusiyana kumene amakupeza pa mabatani aja ndi timagawo tating'onoting'ono ta sekondi, timamilisekondi, toti popanda kompyuta ndi kubwereza kambirimbiri sungatione, ndipo kuchoka pamenepo kufika ponena kuti munthu amaweruza mnzake mwakutimwakuti pali mtunda wautali. Palinso vuto lija la katundu muwiri. Mu 2005 Thomas Schubert anaonetsa kuti mawu a mphamvu ndi ulamuliro nawonso amazindikirika msanga akakhala pamwamba, pamene Meier anali ataonetsa kale kuti chilichonse chosangalatsa chimakonda pamwamba, ndiye munthu akadina msanga pa mawu akuti kukhulupirika ali pamwamba, wadina chifukwa ndi khalidwe, chifukwa ndi mawu okoma kumva, kapena chifukwa amafanana ndi ulemu wa akuluakulu? Kuzilekanitsa zitatuzi ndi mutu waukulu ndipo ofufuza akulimbana nazobe.

Komanso kafukufuku wamtundu uwu ali ndi mbiri yoterera. Chitsanzo chake chili m'Chitchaina momwemo. Mwaphunzira kale kuti mwezi watha ndi shang ge yue, mwezi wapamwamba, wamawa ndi xia ge yue, m'mawa ndi shangwu masana ndi xiawu. Mu 2001 Lera Boroditsky anafalitsa zoti chifukwa cha zimenezi olankhula Chimandarini amaiganiza nthawi ngati chinthu chotsika kuchokera m'mwamba, nkhaniyo inatchuka dziko lonse, koma mu 2007 Jenn-Yeu Chen wa ku Taiwan atabwereza sanapeze zomwezo, ndipo zinatengera kuyesanso ndi njira zina kuti pena pake paoneke kanthu. Mu 2015 gulu lalikulu la ofufuza linabwereza kafukufuku 100 wa zamaganizo a anthu, amene anatulukanso ndi zotsatira zolimba sanafike ndi 40 omwe. Ine sindikuti za m'mwamba ndi pansizi n'zabodza, ndimakhulupirira kuti kulumikizanako kulipo poti mawu, mbiri ndi mabatani zonse zikuloza kumodzi, kungoti ndi kamphepo kokankha pang'ono, si khoma lotsekera maganizo. Ndipo mwina thupi ndi limene lili ndi gawo lalikulu kuposa chilankhulo. Daniel Casasanto mu 2009 anapeza kuti amanzere amaika zabwino kumanzere, pamene chilankhulo chawo chomwecho chimatamanda dzanja lamanja tsiku ndi tsiku.

Za kusiyana ndi ife, tadzimverani nokha mmene mumalankhulira. Timati wagwa m'tchimo, timati katundu wapamwamba, timati khalidwe lalowa pansi. Kungoti ife pa khalidwe timatsamira kwambiri pa mtima ndi pa kuwongoka, wolungama, wokhotakhota, woyera mtima. Matchaina nawo zimenezo ali nazo, Ning Yu amene amafufuza mawu ophiphiritsa a Chitchaina anaonetsa kuti kukwera ndi kutsika ndi njira imodzi chabe, pali kuwongoka ndi kukhota, kuima chilili ndi kupendekeka, kukula ndi kuchepa. Chilembo chimene ndimachikonda ndi 歪 wai, chokhota, tachiyang'anani, pamwamba pali 不 kutanthauza ayi, pansi pali 正 kutanthauza chowongoka. Ndipo ali ndi mwambi wa amisiri omanga umene umaphatikiza zonse, shang liang bu zheng xia liang wai, mtanda wapamwamba wadenga ukapanda kuwongoka wapansi umakhota. Amaunena bwana akakhala wakuba, kapena bambo akakhala chidakwa. Mwaona, wapamwamba apa ndi amene wayambitsa kuipa.

Tafika pa theka lija tsopano. Tsiku limene adzakuitanireni ku chakudya ndi aphunzitsi kapena makolo a mnzanu, yang'anitsitsani nthawi yogundanitsa matambula. Wamng'ono amaimirira, wagwira tambula ndi manja awiri, ndipo pogunda amaonetsetsa kuti mlomo wa tambula yake uli m'munsi mwa mlomo wa tambula ya wamkuluyo. Ine koyamba sindimadziwa, ndinangogunda molingana ngati tili pa bala, mnzanga n'kundiponda phazi kunsi kwa tebulo. Chosangalatsa n'chakuti wamkulu uja akakhala munthu waulemu nayenso amatsitsa yake, wamng'ono n'kutsitsanso, mpaka matambula onse awiri akukhudza tebulo, nthawi zina wamkuluyo amachita kuika dzanja kunsi kwa tambula ya mwanayo kuikweza, onse akuseka. Mpikisano wake ndi wakuti atsike kwambiri ndani. Nanga ngati ubongo wawo umati chabwino chili m'mwamba basi, izi zikuchokera kuti?

Zikuchokera kutali. Mutu wachisanu ndi chitatu wa Daodejing, buku la Laozi yemwe uja anakwezedwa ali m'manda, umayamba ndi shang shan ruo shui, ubwino wapamwamba uli ngati madzi, amathandiza zinthu zonse osalimbana nazo, ndipo amakhala malo amene anthu amawanyansidwa. Malo ake ndi omwe aja Zigong amati thawaniko. Ndipo taonani kuchenjera kwake, liwu loyamba ndi shang, wagwiritsa makwerero omwewo kuti anene kuti wapamwamba ndi amene watsika. Mencius, wanzeru wina wakale wa mbali ya Confucius, potsutsana ndi woganiza wina dzina lake Gaozi anati ubwino wa chibadwa cha munthu uli ngati madzi kutsikira kumunsi, palibe munthu wopanda ubwino monga palibe madzi osatsika, ukawamenya angathe kudumpha kupitirira chipumi chako, ukawatchinga angathe kukwera phiri, koma chimenecho si chibadwa chawo. Kwa Mencius kuipa ndiko kukwera mokakamizidwa. Guoyu akuti ubwino ndi chitunda, Mencius akuti ubwino ndi chitsikira, ndipo onse awiri ana asukulu amawawerenga.

M'mawu a tsiku ndi tsiku zilimonso. M'mafilimu akale mudzamva munthu akudzitchula kuti zaixia, ine wapansi. Mfumu poilankhula amati bixia, kunsi kwa masitepe, ngati kuti ukulankhula ndi mlonda amene waima m'munsimo poti mwini wakeyo sungamuloze. Confucius anayamikira munthu wina kuti bu chi xia wen, sachita manyazi kufunsa wapansi pake. Masiku ano kumuuza munthu kuti ndi didiao, wa liwu lotsika, wosadzionetsera, ndi kumutamanda. Pamene gao yemwe uja ali mu gaoshang ali mu gao'ao, kunyada, ali mu gaogao zai shang, bwana wokhala m'mwambamwamba wosadziwa mavuto a anthu, ndipo qinggao, woyera ndi wokwera, kawirikawiri amanenera munthu wodziona ngati ndi woyera kuposa anzake. Mmene ine ndimazionera, kukwera kwa khalidwe ndi anthu ena amene amakuikapo, iwe mwini thupi lako ndi pakamwa pako umazitsitsa, ukadzikweza wekha gao uja amasanduka chitukwano. Izi kwa inu si zachilendo, munakula mukugwada popereka madzi kwa alendo ndipo palibe ananenapo kuti mwana wogwadayo ndi wakhalidwe lotsika.

Nde pophunzira musamangoti ndaona shang kapena gao ndiye ndi zabwino, ndaona xia ndi zoipa, mudzagwa nazo. Shangdang ndi kupusitsidwa, shangyin ndi kukodwa ndi chizolowezi ngati cha fodya, xiaban ndi kuweruka kuntchito, mawu okoma kuposa onse Lachisanu madzulo. Liwu lililonse muliphunzire palokha ndi chiganizo chake.

Ndipo poti muli ku Wuhan m'mphepete mwa mtsinje wa Yangtze, nkhani ya mtsinje idzabwera ndithu m'kalasi kapena pocheza. Masiku ano kumunsi kwa mtsinje weniweni amati xiayou, kumtunda shangyou, Wuhan ali pakati, zhongyou. Nanjing ndi Shanghai ali ku xiayou. Chonde achemwali, mnzanu wa ku Shanghai musadzamuuze kuti kwawo ndi ku xialiu.